Ku Zomba ndi nyundo m'chikwama

Lolemba

Ndafika ku Zomba dzuwa litapendeka. Minibasi ya ku Limbe imaima paliponse pamene munthu watukula mkono, ndipo pa Thondwe tinachita kudikira kuti matumba a kabichi amangidwe kumbuyo. Phiri linayamba kuoneka tikadali kutali, chikhoma chakuda kumanzere kwa msewu, mutu uli m'mitambo.

Wandiitana ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za miyala pa yunivesite ku Chirunga. Kumudzi amamunena kuti ana a anzathu akuphunzira udokotala, iye wapita kukawerenga miyala pamene kwathu ili mbwee m'munda. Anandichingamira pa depoti. Nditati ndimulandire chikwama, dzanja linatsika lokha: muli nyundo, kagalasi kokuzira zinthu, kabotolo ka asidi ndi miyala yokulunga m'nyuzipepala.

"Amalume, nsapato mwavalazi n'zakutchalitchi. Mawa tikukwera."

Tagula zina pa kaunjika mumsika. Boma linasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, koma ofesi yaikulu yofufuza za miyala ndi migodi, Geological Survey, inatsala konkuno. Mtsikanayu wandilozera tikudutsa, mwaulemu umene ena amalozera nawo nyumba ya mfumu.

Lachiwiri

Takwera pa kabaza wa njinga yamoto mpaka Ku Chawe, kuchokera apo n'kuyamba wapansi. Kumazizira kumwambaku. Nsonga yaitali, Malumbe, imapitirira mamita 2,000.

Pafupi ndi damu la Mulunguzi anagogoda thanthwe, n'kundipatsa kachibenthu ndi kagalasi kaja. Kunja mwalawo ndi wakuda ndi ndere, koma mkati ndi wotuwa, wodzaza ndi timibulu tonyezimira togwirana zolimba. Anati pakati pa phirili pali syenite, m'mphepete muli granite, ndipo zinakhala mozungulirana, mkombero mkati mwa mkombero unzake. Kusiyana kwake n'kochepa: granite ali ndi quartz wambiri, timibulu toonekera mkati tija, pamene syenite ali ndi wochepa kapena alibiretu.

Chimene chandikhalitsa pansi n'chakuti mwala tikupondawu sunatulukepo kunja uli wamoto. Chiphalaphala chinakwera kuchokera pansi n'kuima m'njira, n'kuzizira pang'onopang'ono pansi pa miyala ina yochindikala makilomita angapo. N'chifukwa chake timibulu take tinapeza nthawi yokula. Zimene zinali pamwamba zija zinakokoloka ndi mvula ndi mitsinje, wolimbayu n'kutsala chilili. Ndiye kuti phiri la Zomba silinamere, dziko lozungulira ndi limene linaphwa. Zaka zake ndi pafupifupi 113 miliyoni. Amaziwerengera m'kamwala kotchedwa zircon, kamene kamatsekera uranium mkati pobadwa; uranium amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, choncho ukayeza ziwirizo wadziwa zaka.

Ndinati ndiye ndi lakale zedi. Anaseka. "Amalume, limeneli ndi la dzulodzuloli. Dikirani ndikuonetseni mapu."

M'mbali mwa msewu anyamata ayala miyala yogulitsa: yakuda yosongoka yotchedwa aegirine, quartz wofuka utsi, ndi feldspar woyera. Yambiri amakaikumba ku Malosa, phiri limene chigwa cha Domasi chinalilekanitsa ndi Zomba, m'maphedi amene munthu ukaterereka palibe wokutola. Osonkhanitsa miyala ku Ulaya dzina la Malosa amalidziwa bwino. Mnyamata wina anayamba kunditchulira mtengo m'Chingerezi, ataona nyundo ya mtsikanayu anatsitsa yekha.

Pobwerera tinaona chipsera chachitali pa phedi pamene nthaka inachoka n'kusiya thanthwe loterera. Dothi la paphiri pano ndi losaya, langokhala pamwamba pa mwala wosalowa madzi. Mvula ikagwa masiku otsatizana, dothilo limakhuta n'kutsetsereka ndi mitengo ndi miyala yomwe. Ndi Napolo ameneyo, amene anagumula milatho mumzinda muno mu Disembala 1946. Mitengo ya paini yadulidwa malo ambiri, ndipo nyumba zikukwerabe m'munsimu. Ine zandiopsa.

Tamalizira pa Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Nyanja ya Chilwa imaoneka phee kum'mawa, Mulanje ali patali kumwera kwake.

Lachitatu

Chiperoni. Nkhungu yatsika mpaka m'tauni, kamvula kowaza kosaleka. Sitinapite kulikonse, ndipo tsiku limeneli ndi limene ndaphunzira zambiri.

Bambo anga anali mtchona. Anagwira pa mgodi wina wa golide pafupi ndi Gatooma, kumene lero ndi Kadoma, ndipo anabwera ndi njinga, jekete ndi Chishona chosweka. Anthu a kuno anadzaza m'migodi ya Shamva, Globe and Phoenix ku Kwekwe, Cam and Motor ku Kadoma, ena akuyenda wapansi kudzera ku Tete, ena atalembedwa ndi Mthandizi. A Wenela ankatengera anzawo ku Joni. Funso limene ndakhala nalo kuyambira ubwana ndinalitula lero: mapiri tili nawo, miyala yosawerengeka, nanga golide wochuluka chotere anakathera bwanji kwa eni okhaokha?

Anatsegula mapu a miyala ya mu Africa pa kompyuta. Pansi pa kontinenti ino pali zigawo zingapo zimene zinauma zaka zoposa 2.5 biliyoni zapitazo, ndipo chiumire sizinapindikenso. Amazitcha craton. Mizu yake imatsika makilomita 200 kapena kuposa, yozizira ndi yolimba. Dayamondi amachokera kumeneko. Kumpoto kwathu kuli cha Tanzania, kumwera chakumadzulo cha Zimbabwe, kupitirira apo cha Kaapvaal cha ku South Africa. Atakulitsa pa Zimbabwe panaoneka zibulunga zazikulu zofiirira, m'mipata yake muli timizere tobiriwira topindikapindika.

Nkhomaliro inali itafika. Anatenga mitanda itatu ya nsima n'kuiyandikizitsa m'mbale, n'kuthira nkhwani m'mipata. "Nsimayi ndi granite, nkhwaniyu ndi greenstone, miyala yobiriwira ija. Agogo ankakumba mu nkhwanimu." Katswiri wina wa ku Southern Rhodesia, A. M. Macgregor, anafotokoza kakhalidwe kameneka mu 1951, ndipo kamapezekanso ku Pilbara ku Australia ndi ku Barberton, kumalire a South Africa ndi Eswatini.

Miyala yobiriwirayo inayamba ili chiphalaphala chotuluka pansi pa nyanja. Umboni wake ulipo: chiphalaphala chikakumana ndi madzi chimaundana m'zibulunga zosanjikizana, ndipo zibulungazo zikuonekabe mpaka lero m'mbali mwa mtsinje wa Komati ku Barberton, patapita zaka pafupifupi 3.5 biliyoni. Dziko lenileni lili ndi zaka 4.5 biliyoni, ndiye onani kuyandikira kwake kuchiyambi. Kumeneko abale awiri, Morris ndi Richard Viljoen, anazindikira mu 1969 mtundu wa mwala umene anautcha komatiite. Chiphalaphala chake chinkatuluka chikutentha madigiri pafupifupi 1,600, pamene cha mapiri ophulika a masiku ano chimathera cha m'ma 1,200. Ndiye kuti mkati mwa dziko munali motentha kuposa lero, ndipo chiphalaphala chotere chinaleka kutuluka kalekale.

Zigawo zake zimakonda kutsatana mofanana. Pansi komatiite ndi basalt, mwala wakuda wa chiphalaphala. Pamwamba pake matope a m'nyanja yakuya, ndi mwala wa mizeremizere wa chitsulo, wofiira ndi wakuda mosinthana. Pamwamba penipeni mchenga ndi nsangalabwi za m'mitsinje ndi m'magombe, kusonyeza kuti pofika nthawiyo mtunda unali utatuluka m'madzi. Ku Barberton magulu atatuwa amatchedwa Onverwacht, Fig Tree ndi Moodies, ndipo mu mchenga wa Moodies mukuonekabe zizindikiro za kusefukira ndi kuphwa kwa nyanja. Mapiri ake, a Makhonjwa, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2018. Kubiriwirako kunabwera pambuyo, miyalayo itapanikizika ndi kutenthedwa pang'ono, n'kumera timibulu ta chlorite, actinolite ndi epidote. Ngakale apo si kubiriwira kwa tsamba, ndi kwakuda kobiriwirirako.

Granite nayenso si wa m'badwo umodzi. Wakale ndi wotuwa, wochokera ku basalt amene anamira n'kusungunukanso. Wotsiriza ndi wofiirira, wa potaziyamu wambiri, amene ku Zimbabwe anafalikira zaka pafupifupi 2.6 biliyoni zapitazo. Granite wa kumeneko amasendeka yekha m'mapale, ndipo omanga Great Zimbabwe anangotola mwayi umenewo n'kusanja makoma opanda matope.

Tsono golide. Miyala yobiriwira ija ikamafinyidwa pakati pa granite, inkang'ambika m'mizere italiitali. Madzi otentha ochokera pansi, atasungunula golide pang'onopang'ono m'miyala yambirimbiri, ankakwera m'ming'alu imeneyo, n'kuzizira, n'kusiya quartz woyera wokhala ndi golide mkati. Bambo ankasimba kuti pansi ankatsata mzere woyera m'mwala wakuda, ukasowa kapitawo amakwiya tsiku lonse. Lero ndamva kuti mzerewo unali chiyani. Azungu sanachite kuutulukira okha: migodi yawo yambiri anaikumba pa maenje akale a eni dziko, amene golide wawo ankafika ku Sofala ndi Kilwa zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Geita ndi Bulyanhulu ku Tanzania, Kalgoorlie ku Australia, Timmins ku Canada, nkhani yake ndi yomweyi. Wa ku Joni ndi wosiyanako, ali mu nsangalabwi za mitsinje yakale ya Witwatersrand, koma akatswiri ambiri amati mitsinjeyo inamukokolola ku mapiri a mtundu womwewu.

"Nanga ife?"

Anasuntha mapu. Malawi yense, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, alibe chibulunga chofiirira cha m'badwo umenewo ngakhale kamzere kobiriwira. Golide tili naye, anthu akusefa ku Lisungwe ndi kwina, koma miyala imene inalemeretsa Kadoma ndi Geita kuno sikuoneka. Tili pakati, polumikizirana zigawo zakalezo. Anati zotsala mawa, tikaone ndi maso.

Lachinayi

Kwacha bwino. Ulendo wa ku Chingwe's Hole ndi wautali, msewu wake woipa, ndipo miyendo ikundiuza zaka zanga. Dzenjelo palokha ndi laling'ono, lobisika m'mitengo. Otiperekeza anasimba za anthu amene ankaponyedwamo kale, aliyense mosiyana ndi mnzake. Chimene tinadzera chili masitepe ochepa kumadzulo kwake. Phiri limangotha mwadzidzidzi. Pansi patali pali chigwa cha Shire, chosalala, mtsinje ukung'anima pakati.

Phedi limeneli ndi mng'alu. Mbali ya kumadzulo inatsika, ya kuno inatsala. Ndi mchira wa chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, chimene chikung'amba kontinenti mamilimita ochepa chaka chilichonse. Mng'aluwo ukafika pa chigawo cholimba cha Tanzania sulowamo, umagawika pawiri n'kuchilambalala: nthambi ina kudzera ku Kenya, ina kudzera ku nyanja za Albert, Kivu, Tanganyika, Rukwa mpaka yathu. Nyanja ya Victoria, imene yakhala pamwamba pa cholimbacho, kuya kwake ndi mamita 80 okha. Yathu, ya mumng'alu, imafika 700. Chivomezi cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi zija za ku Karonga mu Disembala 2009 zinachokera m'ming'alu yomweyi.

Ndipo aka si koyamba dziko lathu kuvutidwa. Miyala ya kumpoto, cha ku Chitipa, inapindidwa zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo. Yambiri ya kumwera kuno inabadwa zaka pafupifupi 1 biliyoni zapitazo, n'kudzaphikidwanso pakati pa zaka 600 ndi 550 miliyoni zapitazo, pamene makontinenti anagundana n'kupanga chimtunda chimodzi cha Gondwana. Gondwana atayamba kusweka, chiphalaphala cha Zomba, Mulanje ndi Chilwa chinakwera. Kenako mng'alu wa lerowu. Pamene panathyoka kale ndi pamene pamathyokanso.

Yerekezani ndi Zimbabwe. Pakati pa dzikolo padutsa Great Dyke, mzere wa mwala wakuda wotalika makilomita pafupifupi 550, kumene amakumba platinum ndi chrome. Unalowa zaka 2,575 miliyoni zapitazo, n'kudula granite ndi greenstone yemwe, ndipo mpaka lero ndi wowongoka. Chiloweni palibe chinaupinda, kupatula kunsonga kwake kwa kumpoto. Pa zonse zimene ndamva sabata ino, umboni umenewu ndi umene wandigwira mtima, chifukwa ngakhale ine wosaphunzira za miyala ndikutha kuuona pa mapu.

Pobwerera anandifotokozera mkangano wa akatswiri, umene ngakhale m'kalasi mwawo akuti umawagawa. Funso ndi lakuti miyala yobiriwira ija inalowa bwanji m'mipata ya granite, zigawo zake n'kuima chilili pamene zinayalidwa chogona. Ena amati zinayenda chokwera ndi chotsika. Basalt ndi komatiite ndi zolemera, granite ndi wopepuka. Pa dziko lotentha lija granite wa pansi anafewa n'kutumphuka, zolemera za pamwamba n'kumira m'mbali mwake. Kum'mawa kwa Pilbara zibulunga za granite n'zozungulira bwino kwambiri moti n'kovuta kuzimasulira mwina. Ena amati ayi, zinayenda cham'mbali monga zichitikira lero: zilumba za mapiri ophulika zinkagundana, china kulowa pansi pa chinzake, n'kumamatirana. Iwo amaloza ku Abitibi ku Canada, kumene miyala ya zaka 2.7 biliyoni yandanda m'mizere italiitali yoyang'ana kum'mawa ndi kumadzulo. Barberton amamukanganirana onse awiri, makamaka zimene zinachitika kumeneko zaka 3.2 biliyoni zapitazo.

Ine ndinati mwina onse akunena zoona, aliyense pa nthawi yake. Kuchokera pa miyala ya Isua ku Greenland, ya zaka 3.8 biliyoni, kufika pa ya Abitibi, padutsa zaka zoposa biliyoni imodzi, ndipo dziko linkazizira nthawi yonseyo. Chingalamule mbali imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto n'chiyani? Anati akatswiri ambiri akuganizanso choncho, koma mkangano wangosamukira pa funso lakuti kusinthako kunachitika liti. "Ndipo pa mayeso, amalume, yankho la akulu a bwalo ngati limenelo salipatsa malikesi onse."

Lachisanu

Ku Kachulu. Msewu wa fumbi kudzera ku Matawale, minda ya mpunga, kenako fungo la matemba oyanika. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya ndi yamcherecheko, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mbali yaikulu mu 2018. Woyendetsa bwato anati nthawi imeneyo ku chilumba cha Chisi ankapita pa njinga.

Pachilumba tinayamba taonekera kwa amfumu, chifukwa mlendo woyenda ndi nyundo m'dera la eni amafunika kudziwika. Titakwera pang'ono mtsikana anaswa mwala woyera n'kudonthezapo asidi. Unachita thovu. Ndi mwala wa laimu, wofanana m'thupi mwake ndi wa ku Changalume umene ankapangira simenti, koma mbiri yake ndi ina. Laimu wamba amayalidwa pansi pa madzi. Uyu anakwera kuchokera pansi penipeni ali wosungunuka, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo miyala yomuzungulira anaiswa ndi kuisintha. Dzina lake ndi carbonatite. Frank Dixey, amene ankatsogolera ofesi ya miyala ya ku Zomba ija, ndi anzake analemba za miyala ya ku Chilwa m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene akatswiri ambiri sankavomereza kuti laimu angakhale chiphalaphala. Otsutsa anatha mawu mu 1960, anthu ataona chiphalaphala cha mtundu umenewu chikutuluka m'phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanzania.

Tili pamwamba anandilozera abale ake a Zomba ndi Chisi: kumpoto Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi, kumwera Mulanje, ndi timapiri ta ku Phalombe, Tundulu ndi Songwe. Kangankunde wa ku Balaka sakuoneka kuchokera pano koma ndi wa banja lomweli. M'miyala imeneyi ndi mmene muli ma rare earth amene tikuwamva pa wailesi, neodymium ndi anzake, opangira maginito a galimoto zamagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Zoterezi zimakonda malo ong'ambikang'ambika. Kufooka komwe kunatimana golide wa greenstone ndi kumene kunatsegulira njira chuma chinachi. Ngati chidzafike m'thumba la msodzi wa pa Kachulu, limenelo si funso la miyala, ndipo mtsikana anakana kuliyankha.

Mphepo inadzuka pobwerera, tonse tinanyowa. Matemba ndagula a mlongo wanga.

Loweruka

Ndisanakwere minibasi tinaima pamene amayi ena amaswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, kunja kwa tauni. Mwala wawo si wa paphiri, ndi wa pansi, umene phiri linaubowola pokwera: wa mizere yakuda ndi yoyera, ina yopindika mpaka kubwerera kumene yachokera. Ndi gneiss, wa zaka biliyoni uja.

Mtsikana anapempha chibenthu chimodzi. Mayi wamkulu pagulupo anamuyang'ana nyundo yake n'kuseka. "Mwanawe, kanyundo kameneka ungaswe nako chiyani? Ndipo ukumenya molakwika. Uwu umamenya motsata mizere, umang'ambika wokha. Ukaupingasa udzathyola dzanja." Anatenga nyundo yawo, kumenya kamodzi, mwala pawiri. Anatinso wa paphiri saufuna chifukwa ulibe mizere, umangolumpha nyundo.

Mtsikana anawafunsa kumene amapeza wakuda kwambiri wopanda mizere yoyera, iwo n'kuloza kuseri kwa kaphiri, n'kumuuza kuti abwere Lolemba mwana wawo akamuperekeze. Analemba m'kabuku kake. Ine kondakitala anali atayamba kale kukoka chikwama changa, akukuwa za Limbe.